Mafunso Anu: Utsi wa Ndege ndi Nthambo Zoduka Pansi pa Nyanja

Makalata a mwezi uno agawikana pawiri. Ena akufunsa za ndege ndi mpweya umene zimasiya kumwamba, ena akufunsa za nthambo za intaneti zimene zimaduka pansi pa nyanja yamchere. Tinkati tiwayankhe m'miyezi yosiyana, koma titawerenga bwino taona kuti onse akukanda pamodzi: chinthu chikawonongeka kumalo kopanda mfumu, wozengedwa mlandu ndani? Oyankha ndi anzathu odziwa za mainjini a ndege, za faiba ndi za malamulo a panyanja. Makalatawa tawafupikitsa.

Mwana wanga amakhala ku London ndipo ndimakamuona kamodzi pachaka kudzera ku Addis Ababa. Mdzukulu wanga akuti ulendowu ukutenthetsa dziko. Inetu sindiona utsi uliwonse ndege ikamanyamuka. Akunena zoona?
*Agogo a ku Area 18, Lilongwe*

Agogo, mdzukuluyo sakunama. Mafuta a ndege, otchedwa Jet A-1, ndi pachibale ndi palafini wa m'nyali. Kilogalamu imodzi ikapsa imatulutsa makilogalamu 3.16 a mpweya wa kaboni. Zimadabwitsa kuti chotuluka chilemere kuposa cholowa, koma kaboni wa m'mafutawo amagwirana ndi okosijeni wa mumlengalenga, ndiye kulemera kowonjezerako nkwa okosijeniyo. Mpweyawu ulibe mtundu kapena fungo, n'chifukwa chake simuuona.

Tiyeni tiwerengetsere ulendo wanuwo. Kuchoka pabwalo la Kamuzu kukafika ku Addis Ababa ndi makilomita pafupifupi 2,600. Kuchoka apo kukatera ku Heathrow ndi pafupifupi 5,900. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 17,000. Munthu wokhala pampando wamba amawerengeredwa magalamu 80 mpaka 90 a kaboni pa kilomita iliyonse, choncho gawo lanu ndi pafupifupi tani imodzi ndi theka. Mmalawi wamba, tikawerenga mafuta a galimoto, malasha ndi simenti a dziko lonse n'kugawa pa anthu onse, amatulutsa pafupifupi makilogalamu 100 pachaka. Ulendo wanu umodzi ndi zaka zoposa khumi za munthu wa ku Nsundwe.

Koma musaleke kukaona mwana. Ndege zonse za padziko zimatulutsa pafupifupi 2.5 peresenti ya kaboni wochokera kwa anthu, ndipo katunduyu sanagawidwe mofanana. Kafukufuku wa Gössling ndi Humpe wa mu 2020 anapeza kuti munthu mmodzi pa anthu 100 alionse ndiye mwini wa theka la utsi wa ndege zonyamula anthu, komanso kuti mu 2018 amene anakwerapo ndege anali anthu 11 okha pa 100. Mtolo waukulu uli ndi aja amauluka sabata ndi sabata, osati gogo wokaona zidzukulu pa Khirisimasi.

Ndine wogula matikiti kubungwe lina. Amene amatithandiza ndi ndalama akuti tichepetse utsi wa maulendo athu. Mabwana akuti tizingolipira kandalama kodzalira mitengo kamene kamabwera pogula tikiti. N'zokwanira?
*Mayi wa ku Namiwawa, Blantyre*

Ayi Mayi, n'zosakwanira, ndipo kandalamako kakhale komaliza. Kaboni wa mafuta akatuluka, gawo lina limakhala kumwamba zaka mazanamazana, pamene mtengo mbuzi ikhoza kuudya usanakule, kapena wamakala akhoza kuugwetsa pakatha zaka khumi. Mu Malichi 2024 khoti la ku Amsterdam linagamula kuti kampani ya KLM inkasocheretsa anthu potsatsa ngati kuti ndalama zoterezi zimafufuta utsi wa ulendo.

Yambirani pampando. Mpando wa mabwana umene umagoneka ngati bedi umatenga malo a anthu atatu, ndipo mawerengedwe a boma la Britain amaupatsa utsi wochuluka maulendo 2.9 kuposa mpando wamba paulendo wautali. Wapamwamba kwambiri uja ndi maulendo anayi. Mukangolemba lamulo lakuti aliyense akhale kumipando wamba, mwadula chinthu chachikulu popanda kuletsa ulendo ndi umodzi womwe. Tikudziwa kuti amene adzadandaule ndi omwe amasaina macheke, koma masamu ndi amenewo.

Kenako onani njira. Ndege imamwa mafuta kwambiri ponyamuka ndi pokwera, choncho kutera pakati kumawonjezera, makamaka ngati kukuzunguliritsani. Wopita ku Lusaka asadzere ku Johannesburg chifukwa choti tikiti yatsikako pang'ono. Misonkhano iwiri ya kudera limodzi iphatikizeni mu ulendo umodzi, ndipo potumiza anthu asanu funsani ngati awiri sangakwanire.

Mtundu wa ndege umaoneka pogula tikiti. Airbus A320neo ndi Boeing 737 MAX zimamwa mafuta ochepera ndi 15 mpaka 20 peresenti poyerekeza ndi zakale za msinkhu womwewo. Paulendo waufupi, ndege ya mapiko ozungulira ngati Dash 8 Q400 imaposa ya jeti. Pakati pa Lilongwe ndi Blantyre, basi yodzaza imaziposa zonsezo kutalitali.

Chimene mabungwe ambiri amalakwitsa ndi kusalemba. Tsegulani kaundula: tsiku, njira, makilomita, mtundu wa mpando. Chowerengetsera utsi cha ICAO, bungwe la United Nations loona za ndege, chili pa intaneti mwaulere. Gwiritsani ntchito chimodzi chomwecho chaka ndi chaka, chifukwa zowerengetsera zimasiyana: zina zimawerenga kaboni yekha, zina zimachulukitsa pafupifupi kawiri poganizira mitambo imene ndege zimapanga. Mukasakaniza ziwirizi, lipoti lanu lidzaonetsa kutsika kapena kukwera kumene sikunachitike.

Ndinamva pawailesi kuti fodya akhoza kusanduka mafuta a ndege. Ngati zili zoona, bwanji sitikugulitsa wathu kumeneko?
*Mlimi wa ku Santhe, Kasungu*

Achimwene, zinachitikadi, koma si fodya wanu wa bale. Mu Julaye 2016 ndege za South African Airways ndi Mango zinauluka kuchoka ku Johannesburg kupita ku Cape Town ndi mafuta osakaniza, 30 peresenti yake yochokera ku fodya wotchedwa Solaris wolimidwa ku Limpopo. Fodya ameneyu alibe chikonga, masamba ake ndi ochepa, ndipo chimene amafuna ndi njere, poti ndimo muli mafuta. Wanuyo mumam'dula maluwa kuti masamba akule. Uyu amam'siya achite maluwa.

Mafuta otere amawatcha SAF. Ochuluka lero amachokera ku mafuta ophikira ogwiritsidwa kale ntchito ndi mafuta a nyama. Kufakitale amawasefa, amawaphika ndi mpweya wa haidirojeni kuti achotse okosijeni, kenako amawadula ndi kuwapinda tizigawo take kuti asaundane kumwamba, poti Jet A-1 sayenera kuuma kuzizira kusanafike madigiri 47 pansi pa ziro. Injini ikawatentha imatulutsabe kaboni wofanana ndi wa mafuta wamba. Phindu lili pakuti mbewu inayamba yakoka kaboniyo kumwamba pokula, ndiye mukawerenga kuyambira kumunda mpaka kuinjini, akhoza kutsika mpaka ndi 80 peresenti. Koma mukagwetsa nkhalango kuti mulime mbewuyo, phindu lonse lapita, mwinanso mwawonjezera.

Zopinga zilipo zitatu. Malamulo amalola kusakaniza mpaka theka lokha, chifukwa mafuta a pansi pa nthaka ali ndi timankhwala tina timene timafufumitsa mphira za m'mapaipi kuti zisadonthe, ndipo SAF wambiri alibe timeneti. Virgin Atlantic inauluka ndi SAF yekhayekha kuchoka ku London kupita ku New York mu Novembala 2023, koma ndi chilolezo chapadera. Chachiwiri ndi mtengo, umene umaposa wa mafuta wamba kawiri kapena kupitirira apo. Chachitatu ndi kuchepa: mu 2024 dziko lonse linapanga matani pafupifupi 1 miliyoni, imene ndi 0.3 peresenti chabe ya mafuta a ndege.

Msika ukubwera chifukwa cha lamulo, osati chifundo. European Union inalamula kuti mafuta a pamabwalo ake akhale ndi SAF 2 peresenti mu 2025, 6 peresenti mu 2030, ndi 70 peresenti pofika 2050. Komabe musazule bale wanu chifukwa cha nkhani ya pawailesi. Popanda fakitale yoyenga pafupi ndi wogula amene wasaina mtengo, njere zimangofuka m'nkhokwe.

Mizere yoyera imene ndege zimasiya kumwamba ndi utsi kapena mankhwala opopera anthu?
*Wophunzira wa fomu 4, Mzuzu*

Si mankhwala, mwanawe, ndi mtambo. Kilogalamu ya mafuta ikapsa imatulutsanso nthunzi ya madzi yokwana pafupifupi makilogalamu 1.25. Pamtunda wa makilomita 9 mpaka 12 kumazizira kupyola madigiri 40 pansi pa ziro, ndiye nthunziyo imamatirira pa timwaye ta injini n'kuuma. Mpweya ukakhala wouma, mzere umatha m'mphindi zochepa. Ukakhala wachinyontho, mzere umafalikira n'kukhala maola ambiri ngati bulangete lofunditsa dziko. Masana mtambowu umabwezako dzuwa, koma usiku ntchito yake ndi kusunga kutentha basi. Mukaphatikiza mitamboyi ndi mipweya ina, gawo la ndege pa kutentha kwa dziko limafika pafupifupi 3.5 peresenti.

Chosangalatsa n'chakuti malo achinyonthowo amakhala opyapyala, moti kukwera kapena kutsika ndi mamita 600 kumatha kuwalambalala. Mu 2023 Google ndi American Airlines anayesa zimenezi pa maulendo 70 ndipo mizere inachepa ndi 54 peresenti, mafuta n'kuwonjezeka ndi 2 peresenti pa maulendowo. Povuta ndi pa kulosera chinyontho cha kumwambako. Ukalosera molakwa, wawononga mafuta polambalala mtambo umene sukanapangika n'komwe.

Ndege ikanyamuka ku Lilongwe, n'kudutsa Tanzania ndi Kenya, n'kukatera ku Ethiopia, utsi wake umalembedwa pa dziko liti?
*Bambo wa ku Lumbadzi*

Palibe, Bambo, ndipo vuto lagona pamenepo. Utsi wa maulendo odutsa malire umalembedwa pambali, kunja kwa chiwerengero cha dziko lililonse, ndipo anaupereka m'manja mwa ICAO, nthambi ya United Nations imene likulu lake lili ku Montreal. Mu 2016 ICAO inakhazikitsa dongosolo la CORSIA. Kampani iliyonse imayeza mafuta a ulendo uliwonse, wofufuza woima payekha amatsimikiza, boma limatumiza ziwerengero ku ICAO. Utsi wa makampani onse ukapyola mzere, umene kuyambira 2024 ndi 85 peresenti ya utsi wa mu 2019, makampani amagula ziphaso za kaboni zolipirira chopyolacho.

Onani bwino: cholipiridwa ndi chapamwamba pa mzere chokha, zapansi pake ndi zaulere. Mpaka 2026 mayiko amalowa mwakufuna kwawo. Kuyambira 2027 ndi mokakamiza, kupatula mayiko a maulendo a ndege ochepa kwambiri, osaukitsitsa, ndi ongotukuka kumene a zilumba zing'onozing'ono ndi osakhudza nyanja, pokhapokha atafuna okha. ICAO ilibe apolisi kapena khoti. Chilango chimadalira lamulo la dziko limene kampaniyo inalembetsa. Mu 2022 mayiko anagwirizana za cholinga chothetsa utsi wa ndege pofika 2050, koma m'dzina lake lomwe analemba kuti ndi chokhumba chabe.

Kumene zinthu zikuyenda ndi kumene boma limodzi laluma. France inaletsa mu Meyi 2023 maulendo a ndege ochokera ku Paris Orly kupita ku Nantes, Lyon ndi Bordeaux, poti sitima ya pamtunda imafika maola awiri ndi theka asanakwane. European Union inaletsanso chizolowezi chonyamula mafuta obwerera nawo pothawa mtengo wa kumene ukupita: tsopano ndege iyenera kumwa 90 peresenti ya mafuta ofunika pabwalo limene ikunyamukira. Chizolowezichi chimawononga, chifukwa mafuta owonjezera ndi katundu, ndipo pa ola lililonse ndege imatentha 3 kapena 4 peresenti ya mafutawo pongowanyamula. Kuno ku Africa, kumene mafuta a pabwalo amadula ndipo nthawi zina amasowa, woyendetsa ndege sungamudzudzule akatero.

Amatiuza kuti tisiye kuuluka, tizichita misonkhano pa kanema wa pa intaneti. Nanga mu Meyi 2024 intaneti itavuta masiku angapo, akuti nthambo yaduka ku South Africa, zikutikhudza bwanji ife tilibe nyanja yamchere?
*Mayi wa bizinesi, Limbe*

Mayi, funso lanu ndi limene lamanga mitu iwiriyi pamodzi. Msonkhano wa pa kanema sudutsa m'mitambo ayi. Pafupifupi mauthenga onse odutsa pakati pa makontinenti amayenda m'nthambo za faiba zogona pansi pa nyanja. Malawi amazifikira kudzera pamtunda: faiba yolowera ku Tanzania kukafika ku Dar es Salaam, ya ku Mozambique, ndi ya ku Zambia.

Pa 12 Meyi 2024 nthambo ziwiri, EASSy ndi Seacom, zinaduka m'madzi a KwaZulu-Natal, kumpoto kwa Durban, ndipo ankaganizira nangula wa sitima. Paokha mabala awiriwa sakanapweteka chotero. Koma pa 24 Febuluwale chaka chomwecho nthambo zitatu, Seacom, EIG ndi AAE-1, zinali zitaduka kale mu Red Sea, ndipo zinali zisanakonzedwe chifukwa cha nkhondo ndi mkangano wa zilolezo ku Yemen. Ambiri amaloza nangula wa sitima ya Rubymar, imene inaomberedwa ndi a Houthi, gulu la zida la ku Yemen, amalinyero n'kuithawa, iyo n'kumangoyandama mpaka kumira pa 2 Malichi. Ndiye khomo la kumpoto linali lopanikizika, la kummwera n'kutsekekanso. Tanzania, Mozambique, Malawi, Madagascar, Kenya, Uganda ndi Rwanda onse anamva kuwawa, moti ofesi ya kazembe wa America ku Dar es Salaam inatseka masiku awiri osalandira anthu.

Intaneti sinathe yonse chifukwa makampani anapatutsira mauthenga kunjira zina. Koma msewu wa fumbi ukalandira magalimoto onse a M1, mukudziwa kale zimene zimachitika. Kanema ndiye amayamba kufa, poti amafuna mpata waukulu wosadukiza.

Nthambo yoduka pansi pa nyanja amailumikiza bwanji? Anthu amamira?
*Wokonza mafoni, msika wa Zomba*

Samira, achimwene, amaikweza. Kumadzi akuya nthamboyi ndi yonenepa ngati paipi yothirira dimba: pakati pali ulusi wa galasi woonda ngati tsitsi, kenako mawaya achitsulo, mkuwa wonyamula magetsi, ndi pulasitiki kunja. Kufupi ndi gombe amaiveka zitsulo zina n'kuikwirira mita imodzi kapena kupitirira. Pa makilomita 60 mpaka 80 alionse pali kachipangizo kokuza kuwala, kodyetsedwa ndi magetsi a mavoti masauzande angapo ochokera kumtunda.

Ikaduka, akatswiri a pasiteshoni ya kugombe amatumiza kuwala mu ulusiwo n'kuyeza nthawi imene kwatenga kuti kubwerere. Amayezanso magetsi a mumkuwa. Ziwirizi zimawauza mtunda wa pamene pali bala. Sitima yokonza ikafika, imakoka mbedza pansi mopingasa njira ya nthambo. Nthambo imagona yokungika moti singakwere yathunthu, ndiye amayamba aidula. Mbali imodzi amaikweza, amadulako pamene palowa madzi, amaiyeza, amaitseka n'kuimangirira ku choyandama. Amakweza mbali inayo n'kulumikizako chidutswa chatsopano, kenako amabwerera ku choyandama kukamaliza. Ulusi uliwonse amausungunula ndi moto wa magetsi kuti ugwirane ndi unzake, m'chipinda chopanda fumbi, ndipo mfundo imodzi imatha kudya tsiku lathunthu. Chidutswa chatsopano chimatalika kuposa kuya kwa madzi kawiri, choncho potsitsa amachigoneka chokhota kuti chisapotane.

Ntchito yeniyeni ndi ya masiku ochepa. Chochedwetsa ndi chilolezo cha boma la madziwo, mafunde, ndi kuchepa kwa sitima. Nthambo za mu Meyi zija inakonza ndi Léon Thévenin ya kampani ya Orange Marine, sitima ya mu 1983 yokhala ku Cape Town, imene inali itangochoka kukakonza zina zoduka mu Malichi kufupi ndi Côte d'Ivoire. Panatha pafupifupi masabata atatu.

Ndimawerenga kuti ku Ulaya sitima zikudula nthambo mwadala. Bwanji sakuwamanga? Umboni suli poyera?
*Mphunzitsi wopuma, Nkhata Bay*

Aphunzitsi, tiyambe ndi chiwerengero chimene manyuzipepala amachilumpha. Chaka chilichonse nthambo zimavulala maulendo 150 mpaka 200 padziko lonse, ndipo zambiri mwa izi ndi makoka a asodzi ndi anangula, mwangozi. Choncho wodula mwadala safuna bomba. Amangomasula nangula n'kumayenda, pambuyo pake n'kunena kuti buleki ya chokokera nangula inatha.

Kupeza sitima yolakwa sikuvuta. Eni nthambo amadziwa mphindi yeniyeni imene kuwala kunazima ndi malo ake. Sitima zikuluzikulu zimaulutsa malo awo kudzera pa chipangizo cha AIS, ndiye amangoona imene inali pamwamba pa nthambo nthawi imeneyo, ndi ngati liwiro lake linatsika mwadzidzidzi. Pansi pa nyanja nangula amasiya ngalande yooneka ndi makina, ndipo nthawi zina amathyoka n'kutsala pomwepo. Chovuta ndi kutsimikiza za mumtima, komanso kupeza khoti lokhala ndi mphamvu.

Tengani nkhani ya Eagle S. Pa 25 Disembala 2024 nthambo ya magetsi ya Estlink 2 pakati pa Finland ndi Estonia inaduka pamodzi ndi nthambo zinayi za mauthenga. Apolisi a Finland anakwera sitimayo, yonyamula mafuta kuchokera ku Russia, yolembetsedwa ku Cook Islands, mwini wake kampani ya ku United Arab Emirates. Ngalande ya nangula inatalika pafupifupi makilomita 90, nangulayo anam'vuula. Oimira boma anatengera kukhoti kaputeni wa ku Georgia ndi omuthandiza awiri a ku India, n'kunena kuti kukonza kokha kunadya mayuro osachepera 60 miliyoni. Pa 3 Okutobala 2025 khoti la ku Helsinki linautaya mlanduwo. Silinanene kuti nangula sanadule nthambo. Linati Finland ilibe mphamvu yozenga, ndipo oimira boma anachita apilo.

Chifukwa chake chili m'pangano la United Nations la malamulo a panyanja la 1982. Dziko lili ndi mphamvu zonse mpaka mamailosi a panyanja 12 kuchokera kugombe. Kuchoka apo mpaka 200, nsomba ndi migodi ndi zake, koma njira ndi ya aliyense. Ndime 97 imati ngozi ya kayendedwe ka sitima ikachitika kunja kwa mamailosi 12 aja, wozenga amalinyero ndi dziko la mbendera ya sitimayo, kutanthauza kumene inalembetsedwa, kapena dziko limene iwo ndi nzika zake. Ndime 113 imalamula dziko lililonse kuika lamulo lolanga sitima za mbendera yake zikadula nthambo mwadala kapena mosasamala. Mayiko ambiri sanaike lamuloli, ena ali ndi akalekale: la America ndi la 1888, ndipo chindapusa chake ndi madola 5,000. Tsono mbendera imagulidwa ngati layisensi ya malonda. Dziko limene limapeza ndalama polembetsa sitima za alendo lilibe chidwi chozenga makasitomala ake pa nthambo ya anthu ena.

Yerekezani ndi Taiwan. Mu Febuluwale 2025 sitima ya Hong Tai 58, ya mbendera ya Togo, inadula nthambo yopita ku zilumba za Penghu pafupi ndi gombe, m'malo oletsedwa kuponya nangula. Mu Juni khoti la ku Tainan linapatsa kaputeni wake, nzika ya China, zaka zitatu. Chochita n'chofanana, chosiyana ndi mtunda kuchokera kugombe.

Nkhani ya Yi Peng 3, sitima ya mbendera ya China, inathera m'malere. Nthambo ziwiri za m'nyanja ya Baltic, kumpoto kwa Ulaya, zinaduka pa 17 ndi 18 Novembala 2024, sitimayo inaima mwezi wathunthu pakati pa Denmark ndi Sweden, koma popanda chilolezo cha China palibe akanaikwera. China inachita kafukufuku wake, a ku Ulaya n'kukhala oonerera chabe, woimira boma la Sweden pamilandu osaloledwa kukwera. Kumbali ina, kaputeni wa Newnew Polar Bear, imene inathyola paipi ya gasi ya Balticconnector mu Okutobala 2023, anaonekera kukhoti ku Hong Kong mu 2025, kwawo kwa mbenderayo. Ndipo tisaiwale Vezhen, imene Sweden inaigwira mu Januwale 2025 n'kuimasula itapeza kuti inalidi ngozi. Si nangula aliyense amene ali ndi boma kumbuyo kwake.

Mankhwala alipo, ngakhale ndi ochepa mphamvu. Pangano la ku Paris la 1884 limalola sitima yankhondo kuimitsa sitima yoganiziridwa n'kuona zikalata zake. America inagwiritsa ntchito ndimeyi mu 1959 pa sitima ya asodzi ya Soviet Union kufupi ndi Newfoundland. Australia inaika madera otetezedwa kufupi ndi Sydney ndi Perth, kumene kuwononga nthambo kuli ndi chilango chofika zaka khumi. NATO, mgwirizano wa asilikali wa mayiko a ku Ulaya ndi North America, inayamba kulondera nyanja ya Baltic mu Januwale 2025. M'kuona kwathu, chimene chimaluma msanga ndi thumba: kugwira sitima padoko mpaka mwini wake apereke chikole, ndi kukaniza doko sitima zopanda inshuwalansi yodziwika. Kumanga kaputeni kumakhutitsa mtima, koma iye ndi waganyu.

Ndime ina imene asodzi a panyanja yamchere ayenera kuidziwa ndi 115. Khoka kapena nangula akakola nthambo, usakoke. Dula chingwe, lemba malo ndi nthawi, kanene kudoko; mwini nthambo ndiye akubwezere mtengo wa chimene wataya.

Masiku amene intaneti inavuta ndinaluza makasitomala. Ndingasumire ndani?
*Mwini kampani ya zoyendayenda, Mangochi*

Mwini sitima simungam'fikire, Bambo. Amene amam'sumira ndi eni nthambo, pa mtengo wokonzera, ndipo iwonso amakumana ndi pangano la 1976 limene limaika malire a chipukuta misozi molingana ndi kukula kwa sitima. Phindu limene munthu wachitatu waluza makhoti ambiri salibweza. Amene muli naye pangano ndi kampani yokugulitsani intaneti. Werengani chikalata chanu: ngati chili ndi ndime yolonjeza maola a netiweki pamwezi, onani ngati kuduka kwa nthambo ya panyanja sanakuike m'gulu la ngozi zosapeweka. Mukapanda kukhutira ndi yankho la kampani, dandaulo limapita ku MACRA, ndipo musunge tsiku, ola ndi zithunzi za liwiro limene munayeza.

Podziteteza, kukhala ndi malayini a makampani awiri sikukwanira ngati onse amakathera pa nthambo imodzi. Afunseni molemba kuti mauthenga awo amatulukira malire ati ndipo amalowa nyanja pati. Mukufuna wina wolowera ku Indian Ocean, pa EASSy, Seacom kapena 2Africa imene inatera ku Nacala ndi ku Maputo, ndi wina wotha kudzera ku Zambia kukafika ku nthambo za ku Atlantic monga WACS kapena Equiano. Setilaiti ngati Starlink, imene inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023, ndi yothandiza ngati njira yachitatu. Ikani rauta yolandira malayini awiri yosintha yokha, ndipo kamodzi pamwezi zulani layini yoyamba dala, muone ngati yachiwiri ikudzukadi komanso ngati bando yake sinathe masiku.